Mutu 11: Mankhwala Ofatsa a mu Shampu ndi Phunziro la Mafakitale a ku Kafue

Munthu amene achoka mumzinda wa Lusaka nalunjika kummwera pa msewu waukulu umene umagawikana kutsogolo kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone, akapitirira Chilanga, kumene kampani yopanga simenti inakhazikitsidwa m'chaka cha 1949 chifukwa cha kuchuluka kwa miyala ya laimu m'nthaka ya kumeneko, sachedwa kuona machumuni ndi matanki aatali patsogolo pake, ndipo pamenepo amadziwa kuti wafika ku Kafue, mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera ku likulu. Tauniyi inakula mozungulira siteshoni ya sitima, njanji yochokera ku Livingstone itawoloka mtsinje wa Kafue pa ulalo wautali wachitsulo m'chaka cha 1906. Koma ulemerero wake weniweni unadza dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, pamene boma la Kenneth Kaunda, kudzera m'bungwe lake la INDECO, linatsimikiza mtima kuti pamalo pamene pakumana madzi, njanji ndi msewu pakhale mudzi wa mafakitale. Motero panamangidwa Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba ntchito mu 1970, ndi fakitale yoomba nsalu ya Kafue Textiles, ndi nyumba za antchito za Kafue Estates. Panakhalanso fakitale ya Bata yofufuta zikopa ndi ya Lee Yeast yopanga yisiti, ndipo m'zaka zapambuyo pa 2000 panadza fakitale yosungunula zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, imene ili m'banja limodzi ndi Trade Kings, eni ake a sopo wochapira wa Boom.

Tayambira kumeneku nkhani ya shampu ndi mankhwala osambira chifukwa malo amene kusamba kuli nkhani yolemera chotere ndi owerengeka. Mwamuna woweruka ku ng'anjo ya zitsulo kapena ku makina, girisi atalowa m'zikhadabo, mwaye utadzaza m'tsitsi ndi thukuta litauma pamsana, akafika kunyumba ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound safuna za chibwana. Amatenga chilichonse chimene chili pafupi, kawirikawiri sopo yemwe uja mayi wa kunyumba amachapira maovolosi, nadzikhula kufikira khungu litalira pansi pa zala, ndipo likamaphulika ndi kutuwa amati ndiye wayera. Chikhulupiriro chimenechi, chakuti chotsukira chabwino ndi chimene chimachita thovu lambiri ndi kuwawa m'maso, n'chofala pakati pathu kuyambira ku Kafue mpaka ku Chipata, ku Lilongwe ndi ku Tete, ndipo m'mutu uno tifuna kuonetsa kuti n'cholakwa. Mboni yathu ikhala mankhwala ena odzichepetsa, amene dzina lawo limapezeka m'timalemba tating'ono kumbuyo kwa mabotolo ambiri a shampu, a sopo wamadzi wosambira m'manja ndi a zosambitsira makanda: cocamidopropyl betaine, amene m'mutu uno tizingowatchula betaine, monga amachitira ogulitsa ndi osakaniza.

Tiyambe ndi chinthu chimene mayi aliyense wotsuka mbale amachidziwa, chakuti madzi ndi mafuta sagwirizana. Khungu la munthu limatulutsa mafuta akeake, ndipo fumbi, mwaye ndi tizilombo zimakakamira m'mafutawo, kotero kuti madzi okha, ngakhale atachuluka ngati a m'Kafue nthawi ya dzinja, amangodutsa pamwamba osanyamula kanthu. Pafunika nkhoswe, amene amadziwika kuchimuna ndi kuchikazi komwe, wolowa m'nyumba zonse ziwiri nalankhulamo momasuka; ndipo sopo ndi abale ake onse ndiwo ankhoswe a madzi ndi mafuta. Kamolekyu kalikonse ka mankhwala otere kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wautali wokonda mafuta. Michira imalowa m'litsiro, mitu imatsala kunja, ndipo timamolekyu tambirimbiri tikazinga kadontho ka mafuta mbali zonse, madzi otsukuluza amakatenga n'kupita nako. Thovu limene timalikonda lija ndi mpweya chabe wotsekeredwa m'kachikopa kopyapyala ka madzi; limakondweretsa maso ndi kuthandiza kufalitsa sopo m'tsitsi, koma amene amanyamula litsiro ndi timagulu tosaoneka tija.

Makolo athu sanadikire mafakitale kuti adziwe kutsuka. Iwo anadziwa kutcheza madzi m'phulusa la zitsononkho kapena la mapesi kuti apeze chidulo, chimene chimafewetsa therere ndi masamba olimba. Anadziwa masamba a chewe, amene akawafikisa m'madzi amatereruka, nawagwiritsa ntchito posambitsa tsitsi. Ndipo atasamba ankadzola mafuta a nsatsi kuti khungu libwerere mwakale. Mitundu ina ya anthu inapeza kalekale kuti madzi a phulusa akaphikidwa pamodzi ndi mafuta a nyama kapena a mbewu amabala sopo, ndipo aneneri Yeremiya ndi Malaki amatchula zotsukira za masiku awo monga chinthu chodziwika kwa aliyense. Sopo wa mtanda amene timagula lero ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo, kungoti m'malo mwa phulusa amagwiritsa ntchito soda woopsa uja wotchedwa caustic soda. Sopo wapulumutsa miyoyo yosawerengeka ku kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba, ndipo pasakhale woganiza kuti tikumunyoza. Komatu ali ndi zofooka ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimaoneka bwino kwa munthu amene waima pakati pa Kafue ndi Lusaka.

Chofooka choyamba n'chakuti sopo amatenga khalidwe la chidulo chimene anabadwira. Akatswiri ali ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kufika pa 14: madzi oyera ali pa 7, zowawasa monga mandimu zili kumunsi, cha pa 2, ndipo za mtundu wa chidulo ndi soda zili kumtunda; tsono sitepe imodzi pa muyesowu itanthauza kusiyana kakhumi. Khungu la munthu wathanzi limakhala cha pa 5, lowawasa pang'ono, ndipo kuwawasa kumeneko ndi linga limene limaletsa tizilombo tambiri kumera. Sopo wa mtanda ali pakati pa 9 ndi 10. Wofuna kuona zimene mphamvu ya mtundu umenewu imachita ikafika pachimake akafunse amene anagwirapo ntchito yofufuta zikopa. M'mafakitale otere chikopa cha ng'ombe, atachiviika ndi kuchichotsa mchere, amachiponya m'migolo ikuluikulu yozungulira mmene muli madzi a laimu ndi mankhwala a sulphide, pH yake itapitirira 12. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri chikopacho chimakhala chitafufuma, chitayera ndi kunenepa, ndipo ubweya umene unali wolimba pa nyama yamoyo umangopululuka wokha. Asanapitirize ntchito amayenera kuchotsa laimuyo ndi mchere wa amoniya, chifukwa akapanda kutero chikopa chimaonongeka. Sopo wosambira safika pamenepo, ndipo khungu lamoyo limadzikonza lokha m'maola ochepa. Koma njira yake ndi yomweyo, pakuti tsitsi ndi khungu lathu lakunja zinapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, monganso ubweya wa ng'ombe, ndipo zikakumana ndi za mtundu wa soda tsiku ndi tsiku zimafufuma, timamba ta tsitsi timatukuka, chinyontho chimathawa, n'kutsala kutuwa, kuyabwa ndi ming'alu.

Chofooka chachiwiri chili m'madzi. Mzinda wa Lusaka unakhala pa thanthwe la laimu ndi dolomite, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya kumeneko amadza ndi calcium ndi magnesium wambiri, monga ichitira umboni nkhanambo yoyera imene imamera m'ketulo. Sopo akakumana ndi zimenezi amagwirana nazo n'kusanduka chinthu chosasungunuka, chija chimatsala ngati mzere wotuwa m'mbali mwa beseni. Thovu limakana, munthu amawonjezera sopo, ndipo zotsalira zake zimamatirira m'tsitsi n'kulichititsa kuuma ndi kuvuta popesa.

Njala ya mafuta ndiyo inatsegula njira ina. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mafuta ophikira sopo atasowa ku Germany, akatswiri a kumeneko anapanga chotsukira choyamba cha m'fakitale chosachokera ku sopo m'chaka cha 1916. Ku America kampani ya Procter & Gamble inatulutsa ufa wochapira wa Dreft mu 1933 ndi shampu wa Drene mu 1934, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala a banja la sulphate, amene lero timawawerenga pa botolo monga sodium lauryl sulfate ndi sodium laureth sulfate, anafalikira dziko lonse, popeza saopa madzi a laimu, amachita thovu lochuluka ndipo ndi otsika mtengo. Koma mphamvu yawo inali yopitirira muyeso, makamaka woyambayo, amene mpaka lero madokotala a khungu amamugwiritsa ntchito dala pofuna kuputa khungu m'zoyesa zawo. Chotero kunayamba kufunafuna zotsukira zofatsa: Johnson & Johnson inatulutsa shampu wa makanda wosawawa m'maso mu 1953, ndipo Dove, amene amaoneka ngati sopo koma chotsukira chake chachikulu chinali sodium cocoyl isethionate, anafika pamsika mu 1957. Betaine wathu ndi wa m'badwo umenewo wa ofatsa, ndipo lero makampani monga Evonik ya ku Essen ndi BASF ya ku Ludwigshafen amamugulitsa m'migolo ndi maina a Tego Betain ndi Dehyton, ali madzi onanda pang'ono, ooneka achikasu chotuwira, mmene gawo logwira ntchito lili ngati magawo 30 pa 100 alionse, otsalawo ali madzi ndi mchere pang'ono.

Kapangidwe kake n'koyenera kukamvetsa, chifukwa m'menemo muli ubwino wake ndi vuto lake lomwe. Mchira wokonda mafuta umachokera ku mafuta a kokonati, kapena a njere za kanjedza wa mafuta, amene pafupifupi theka lake ndi lauric acid, wokhala ndi maatomu 12 a kaboni, utali umene umayenera bwino ntchito yotsuka. Kokonati wambiri wa malonda amalimidwa ku Philippines, ku Indonesia ndi ku India, ndipo kufupi ndi kwathu kuno minda yotchuka ndi ya m'chigawo cha Zambézia, kuzungulira Quelimane ku Mozambique, ngakhale inasakazidwa kwambiri ndi matenda ochititsa masamba chikasu. Mafutawo amawaphika pamodzi ndi mankhwala otchedwa DMAPA, n'kupeza chinthu chapakati chotchedwa amidoamine, ndipo chimenechi amachiphatikiza ndi mchere wa chloroacetic acid kuti mutu wokonda madzi ukwanire. Tsono DMAPA ameneyu ndi wodzala ndi nayitrojeni, ndipo nayitrojeni wake amachokera ku amoniya, mankhwala omwe aja amene fakitale ya Nitrogen Chemicals inamangidwira ku Kafue, pamene inkawapanga kuchokera ku malasha a ku Maamba, madzi ndi mpweya wa m'mlengalenga, kuti migodi ipeze zophulitsira miyala ndi alimi apeze feteleza. N'chinthu chodabwitsa ndithu kuti gwero limodzi lomwelo libale chophwanya thanthwe ku Copperbelt, chobiriwitsa chimanga ku Katete, ndi chosambitsa mutu wa khanda osaliliza.

Nanga kufatsa kwake kumachokera kuti? Mutu wa sulphate uli ndi mphamvu yamagetsi ya mtundu umodzi wokha, ya negetivi, ndipo timamolekyu take tikamayenda patokhapatokha m'madzi timagwira mapuloteni a khungu mwaukali, kuwafufumitsa ndi kukokolola mafuta amene amamata maselo a khungu kuti chinyontho chisatuluke. Mutu wa betaine uli ndi mphamvu zonse ziwiri, ya pozitivi ndi ya negetivi, zimene zimalezana, kotero kuti iye sakangamira khungu mwa njira imeneyo. Koma ntchito yake yopambana amaichita akasakanizidwa ndi sulphate: amalowa pakati pa mitu ya negetivi ija, imene mwachibadwa imakankhana, naikhazika pamodzi, motero timagulu tozinga litsiro timapangika msanga ndi kukula, ndipo timamolekyu toyenda patokha, tomwe ndi toluma khungu, timachepa. Litsiro limachoka monga kale, koma khungu limatsala ndi zambiri za chuma chake. Pamwamba pa izi betaine amakhwimitsa thovu kuti likhale losalala, amathandiza shampu kunanda akathiridwa mchere pang'ono, ndipo sasamala za laimu wa m'madzi a mjigo. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga: betaine payekha satsuka girisi wa m'fakitale mokwanira, sulphate payekha amapweteka, koma awiriwa pamodzi ndiwo maziko a mashampu ambiri a dziko lapansi.

Tisamuyamike mopitirira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2004 bungwe la madokotala a khungu la American Contact Dermatitis Society linatchula cocamidopropyl betaine kukhala chinthu cha chaka chimenecho chofunika kuchiyang'anitsitsa pa zoyambitsa ziwengo, popeza anthu ena, makamaka ogwira ntchito m'masaluni amene manja awo amakhala m'shampu tsiku lonse, ankatuluka zidzolo m'manja, ndipo ena m'zikope, m'khosi ndi m'mutu. Atafufuza anapeza kuti nthawi zambiri wolakwa sanali betaine weniweniyo, koma zotsalira za DMAPA ndi amidoamine zimene zimakhalira m'mgolo ngati wopanga sanayeretse bwino. Apa m'pamene mtengo wotsika umabisa ngozi, chifukwa migolo iwiri ingakhale ndi dzina limodzi koma kuyera kwake kosiyana. Ndiponso wogula asanyengedwe ndi chithunzi cha kokonati pa botolo kapena mawu akuti zonse zili m'katimo n'zachilengedwe. Theka la kamolekyu aka linachokeradi mumtengo, koma theka linalo linabadwira m'fakitale, ndipo zimenezi sizochititsa manyazi, chochititsa manyazi ndi kubisa.

Mawu awa akhudza kwambiri achinyamata ndi amayi amene masiku ano, m'matauni a Zambia ndi Malawi, aphunzira kusakaniza okha sopo wamadzi ndi shampu m'zidebe kunyumba, nagulitsa m'mabotolo m'misika ndi m'masaluni. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, ndipo yaphunzitsa ana ambiri sukulu. Koma ena, pofuna kuchepetsa ndalama zolowa, amasiya betaine, nachulukitsa mchere kuti chinthu chioneke cholemera. Ena amatenga kasakanizidwe ka sopo wotsukira mbale, mmene muli sulphonic acid ndi caustic soda, nangosintha mtundu ndi fungo n'kulemba kuti shampu, osayesa n'komwe pH ndi kapepala koyesera kamene mtengo wake ndi wochepa. Safunsa anadya phula. Mabungwe oona za miyezo, Zambia Bureau of Standards ndi Malawi Bureau of Standards, alipo chifukwa cha zinthu zotere, ndipo kufika kwa iwo n'kwabwino kusiyana ndi kudikira kuti kasitomala abwere ndi zilonda. Mwini saluni makamaka akumbukire kuti mankhwala owongolera tsitsi a mtundu wa soda amafika pa pH yomwe ija ya migolo ya zikopa, ndipo mutu umene wangochoka m'moto wotero umafuna shampu wowawasa pang'ono ndi wofatsa woti aubwezeretse m'malo mwake.

Tsono zonse zimene tasamba zimapita kuti? Ku Kafue yankho lili pafupi, chifukwa ngalande zonse zimatsetserekera kumtsinje, ndipo mtsinje womwewo ndi umene amaupopa pa Iolanda kuti anthu a ku Lusaka amwe, ndi umene asodzi a ku Chanyanya amaponyamo maukonde, ndiponso ndi umene umazunguza makina a magetsi ku Kafue Gorge kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Maiko a ku Ulaya ndi America anaphunzira phunziro lowawa m'zaka za m'ma 1950, pamene zotsukira zina zosaola zinaunjika thovu lalitali pa mitsinje yawo, kufikira zinaletsedwa ndi kusinthidwa pofika cha m'ma 1965. Pa mlandu umenewu betaine ali ndi mbiri yabwino, pakuti tizilombo ta m'madzi ndi m'nthaka timamudya msanga. Komabe asanaole, akachuluka pamalo amodzi, amapweteka nsomba ndi tamoyo tina ta m'madzi monga zichitira zotsukira zonse, ndipo wotsuka migolo ya mankhwala asakhuthulire zotsalira m'ngalande. Namasupuni amene wakhala akutseka Kafue ndi kuvutitsa malo opangira magetsi amanenepa ndi nayitrojeni ndi phosphate zochokera m'zimbudzi, m'minda ndi m'mafakitale, ndipo kuyang'anira zotayidwa zimenezi ndi udindo wa bungwe la ZEMA, limene mu 2011 linalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Koma bungwe silingaime pa ngalande ya nyumba iliyonse.

Inu owerenga, mukatenga botolo la shampu m'sitolo, litembenuzeni muwerenge mndandanda wa zimene zili m'katimo, umene umayamba ndi chochuluka koposa n'kumatsika: poyamba mudzaona madzi, olembedwa Aqua, kenaka chotsukira chachikulu, ndipo ngati wopangayo anaganizira khungu lanu, betaine kapena mnzake wofatsa monga decyl glucoside adzakhala pafupi pomwepo. Botolo lopanda mndandanda, lopanda dzina la wopanga ndi kumene ali, lisiyeni pa shelefu. Ngati chinthu chatsopano chikuyabwitsani m'zikope kapena m'manja, chilekeni, ndipo popita kuchipatala mutenge botololo kuti adokotala awerenge. Wogwira ntchito ya girisi ayambe wapukuta manja ndi mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu, chifukwa mafuta amasungunula mafuta anzake, kenaka asambe ndi sopo wosambira, osati palafini kapena ufa wochapira. Ndipo koposa zonse tikupemphani, inu amayi ndi abambo, kuti mwana asasambitsidwe ndi sopo wochapira zovala: khanda la masabata oyamba limayera ndi madzi ofunda okha, ndipo wokulirapo, ngati ndalama ya shampu palibe, mumsambitse ndi sopo wosambira pang'ono, mumtsukuluze ndi madzi ambiri, kenaka mumdzoze mafuta khungu lisanaume.